Udzudzu wa M'thanki

A Fote anali atagona m'chitokosi masiku awiri, ndipo fayilo yawo inali yoti ipite kukhoti mawa lake m'mawa. Amene anaitseka fayiloyo ndine, ndipo ndinaitseka ndikuimba kamluzu, sindibisa. Mlandu wosavuta chonchi sajeni saupeza kawirikawiri.

Nkhani yake inali iyi. A Fote anali dalaivala pashopu ina yogulitsa makina osokera, ndipo anali atagwirapo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Dzinali anawapatsa chifukwa singano ya sipidi sinadutsepo fote iwo ali pachiwongolero. Lachiwiri m'mawa ananyamuka ndi makina khumi ndi awiri kupita nawo kusukulu ya zosoka kunja kwa tauni. Akuti atafika pankhalango ya mitengo yobzala, pamene foni sigwira netiweki, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. Anaikiya, n'kuyenda wapansi kukafuna poimbira foni. Pobwerera anapeza kumbuyo kuli pululu, loko ali bwinobwino osathyoledwa. Titafika ife apolisi, ndinakwera ndekha, kupotokola kiyi kamodzi kokha, injini n'kulira ngati yatsopano. Inu mukanati chiyani?

Masana a Lachinayi ndinadutsira kugalaja kwa achemwali anga kukamwa tiyi waulere. Iwo ndi amakaniko a zamagetsi a galimoto. Tauni yonse imawatcha Mayi Fuyuzi, ena amati chifukwa cha ntchito yawo, koma ife apabanja timadziwa chifukwa chenicheni: sachedwa kupsa. Ndinawapeza mutu uli pansi pa chiwongolero cha minibasi, miyendo ili panja.

"Achemwali, mverani bodza la chaka chino," ndinatero ndikutsegula fayilo. "Madala akuti, 'Nditapotokola kiyi, udzudzu wa m'thanki sunalire.' Udzudzu! M'thanki ya petulo!"

Ndinaseka ndekha. Miyendo ija inasiya kugwedezeka.

"Werenganso."

Ndinawerenganso. Anatuluka chafutambuyo, n'kundiyang'ana ngati ndaponda mwana wawo.

"Iwe, munthu ameneyu wamutsekera?"

"Mawa akalowa m'khoti."

"Ndiye kuti watsekera munthu yekhayo amene wanena zoona pankhani yonseyi. Siya kapuyo, nyamuka."

*

A Fote tinawapeza atakhala pakona, dzanja litagwira buluku chifukwa lamba tinali titawalanda. Achemwali ananjuta patsogolo pawo, ovolosi yawo ya girisi ikukhudza simenti ya m'chitokosi.

"Bambo, pepani ndi zimenezi. Galimoto ija inakana kulira, eti?"

"Inakana, mayi. Ndawauza anyamatawa kambirimbiri."

"Inakana bwanji?"

Ine ndinalowererapo. "Kukana ndi kukana basi, achemwali."

"Khala chete, Sajeni, uphunzire. Kukana kulipo kuwiri. Pali kukana koti ukapotokola kiyi umangomva kuti tha, tha, kapena zii. Kumeneko ndi kwa batire, mitu ya batire, kapena sitata. Ndiye pali kukana koti sitata ikuzunguza injini ndi mphamvu zonse koma injini osagwira. Kumeneko ndiye kuti mafuta sakufika kapena moto wa m'mapulagi palibe. Bambo, kwanu kunali kuti?"

Nkhope ya madala inasintha. Kwa masiku awiri palibe anali atawafunsa funso la nzeru.

"Sitata imazunguza, mayi, imazunguza zedi! Koma injini ayi. Petulo analimo hafu. Ndinatsegula boneti, ndinagogoda mitu ya batire ndi mwala, poti ndi zimene ndimadziwa. Kenako ndinagona pansi n'kumenya thanki ndi chibakera. Kaudzudzu kanga kaja osamveka."

"Kamamveka liti?"

"M'mawa uliwonse. Ndikapotokola kiyi pang'ono, magetsi a padashibodi akayaka, ndimadikira kaye. Kumbuyo kumamveka kuti nziii, kenako zii. Ndikamva zimenezo ndiye ndimaliza injini. Dzina lake sindikadziwa, koma ndakhala nako zaka."

Achemwali anatembenukira kwa ine. "Imeneyo ndi pampu ya petulo. Imakhala m'thanki, ndipo imayamba yathamangitsa mafuta injini isanalire. Madalaivala khumi, mmodzi yekha ndi amene amaimva. Munthu wopeka bodza akanangoti batire inafa."

"Nanga bwanji inalira nditaliza ine?"

"Unafika patapita nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri."

"Inali itazizira." Anaima n'kudzikuntha fumbi. "Bambo, galimoto yanuyo ndi yoyera ija, ya chitseko cham'mbali chovuta kutseka?"

"Yomweyo."

"Inabwerapo kwanga mwezi wa Malichi."

"Ine ayi, mayi. Mwezi wonse wa Malichi ndinali kuchipatala ndi akazi anga."

"Ndikudziwa kuti simunali inu," anatero achemwali, mawu atatsika. "Ndikumukumbuka amene anabwera nayo."

*

Galimoto inali kuseri kwa polisi, pafupi ndi njinga zolandidwa. Ndakhala ndikuwaona achemwali akugwira ntchito kuyambira ndili mwana, komabe mpaka lero ndimangoti kakasi. Sathamangira sipanala. Amayamba ayang'ana, manja ali kumbuyo.

Anandionetsa mitu ya batire, ili ndi mabala atsopano a mwala. Anandigwaditsa n'kundionetsa pansi pa thanki pamene fumbi linapukutika ndi chibakera. Kenako anatsegula chivindikiro cha thanki, kuika khutu, n'kundiuza kuti ndipotokole kiyi pang'ono. Ndinabwera kudzamveranso ndekha iwo akupotokola. Abale inu, kaudzudzu kanalipodi! Nziii, kenako zii. Manyazi anandigwira.

"Pampu ndi yamoyo," anatero. "Fuyuzi yake nayo ndi yamoyo, chifukwa fuyuzi ikapsa yapsa, sidzuka pakapita maola awiri. Tsono chimene chimafa chikatentha n'kudzuka chikazizira n'chiyani?"

"Ine ndikamwa mowa?"

"Chitsiru iwe. Tsegula boneti."

Anachotsa chivindikiro cha bokosi lakuda la mafuyuzi. M'katimo munali timabokosi tinayi tofanana, tangati ta machesi. Anati timeneti ndi marile, ndipo ntchito ya rile ndi kutsegulira ndi kutsekera moto: ina ya pampu, ina ya hutala, ina ya magetsi akutsogolo, ina ya fani. Analoza ya pampu ndi chala. Pamwamba pake panali kadontho kofiira.

"Kyutekisi wanga ameneyo," anatero. "Mu Malichi galimotoyi imazima ikayenda pang'ono. Ndinapeza kuti rile iyi ili ndi mng'alu m'kati. Ikazizira imagwira, ikatentha mng'alu umatseguka, pampu n'kuima. Yatsopano ndinalibe tsiku limenelo. Ndiye ndinaisinthanitsa ndi ya hutala, poti n'zofanana, ndipo hutala salira nthawi yoti rile n'kutentha. Yodwalayo ndinaidontheza kyutekisi kuti ndidzaizindikire. Ndinaisiya apa." Analoza malo a hutala. "Lero ili apa."

"Yabwerera yokha?"

"Ili ndi miyendo inayi, koma siyenda."

Sanafune kuti ndingowakhulupirira. Analiza injini, n'kutseka boneti, tinakhala pamthunzi ndi wotchi. Itakwana mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. Ndinapotokola kiyi: sitata ikuzunguza, injini osagwira, m'thanki muli zii. Achemwali anagwira kababu kawo koyesera moto, kugusa waya wolowa mu rile, kababu kanayaka. Kugusa waya wotuluka kupita kupampu, mdima. Anazula rile ya kadontho ikuwotcha zala, n'kuikapo ya hutala. Kiyi kamodzi, injini inalira. Kenako anabwezera rile iliyonse pamalo pamene anaipeza.

Ndinavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. "Amene anabwera nayo mu Malichi ndani?"

"Anaima pamene waimapo iwepo, akundifunsa mafunso ngati mwana wasukulu. Ine n'kumamuyankha, n'kumanyadira kuti ndapeza wokonda kuphunzira." Analavula pambali. "Koma dzina ndikuuza ukayamba wamva zimene anene yekha."

*

Kushopu tinayamba ndi eni ake, mayi wamasiye wa magalasi okhuthala, wosataya mawu.

"Makiyi a kumbuyo alipo awiri," anatero. "Wina amasunga a Fote, wina amakhala m'dirowa umu. Ndawadyetsa zaka zoposa makumi awiri bambo amene aja. Musandifunsenso za iwo, mtima wanga ukuwawa."

"Dirowayi amatsegula ndani?"

"Ine ndi alamu anga. Akazi awo a Fote atadwala, alamu ndi amene amayendetsa galimoto. Popanda iwo shopu ino ikanagwa amuna anga atamwalira."

Alamuwo, mng'ono wa malemu, aliyense pashopupo amangowatcha Alamu. Tinawapeza kusitolo ya katundu, malaya oyera osita bwino, akununkhira perefyumu. Atawaona achemwali anamwetulira mpaka mano a m'mbali.

"Aa, Mayi Fuyuzi! Sajeni wanga! Khalani, khalani. Nkhani yomvetsa chisoni kwambiri imeneyi. Madala aja timawatenga ngati bambo athu."

"Lachiwiri m'mawa munali kuti?" ndinafunsa.

"Kwa dokotala wa mano, sajeni wanga. Onani." Anakoka tsaya n'kundionetsa dzino. Dzino linalipodi, monga mano onse amakhalira.

"Galimotoyi ili ndi vuto lililonse?"

"Ngakhale pang'ono! Chikonzereni mayiwa, sinatsokomolepo. Madala akunama basi, ndi zachisoni."

"Mukukumbuka chimene ndinakonza?" anafunsa achemwali.

"Ine? Ha! Ine za mawaya ndi kutalitali. Ngakhale fuyuzi sindiidziwa kuti imaoneka bwanji."

Achemwali anangogwedeza mutu ngati avomera. Amene amawadziwa akanathawa pomwepo.

Pageti tinapeza mlonda wamasana, mkulu wina woonda, wolankhula ngati akupereka lipoti kwa kaputeni. Achemwali anandiuza kuti ndimufunse ngati galimoto inatuluka Lamulungu, tsiku limene a Fote sagwira ntchito.

"Lamulungu, bwana? Lamulungu ndinalipo, bwana. Galimoto inatuluka teni koloko, woyendetsa Alamu. Anati akukaitsukitsa. Inabwera wani koloko, bwana, yosatsuka. Inatulukanso thuu koloko. Inabwera faifi koloko."

"Yotsuka?"

"Yosatsukabe, bwana. Ndinafuna kufunsa, koma funso si ntchito ya mlonda."

Titapatuka, achemwali anandinong'oneza. "Amakayesa. Amafuna adziwe kuti ikafera pati, ndiponso kuti imatenga nthawi yaitali bwanji kuti idzuke."

"Ndikamumange?"

"Ndi chiyani? Ndi galimoto yosatsuka? Adzati madala anamva za rile kwa wina. Muuze kuti mukufuna kukaonanso pamalo paja, ndipo ayendetse ndi iyeyo."

"Ikakatifera panjira?"

"Iwe ingotenga wotchi ndi kabuku kako."

*

Tinanyamuka pa polisi cha m'ma fili koloko, dzuwa likuswa mtengo. Alamu pachiwongolero, ine pambali pawo, achemwali ndi mayi eni shopu pampando wakumbuyo. Mayiwo anachita kukakamizidwa ndi achemwali kuti abwere, ndipo anakhala atafumbata chikwama.

Mphindi khumi zoyamba Alamu anali pakamwa mbwee, nkhani za mpira, nkhani za misewu yoipa. Itakwana mphindi makumi awiri, nkhani zinatha. Ndinawaona akuponya diso pawotchi ya padashibodi. Mitengo yobzala inayamba kuoneka mbali zonse ziwiri, foni yanga n'kutaya netiweki.

Kutsogolo kwathu kunali thirakitala ikukoka ngolo, ikukwera kamtunda mwaulesi. Msewu unali woongoka, kutsogolo kopanda galimoto ina.

"Ipitirireni, Alamu," anatero achemwali. "Mwayamba kuyendetsa ngati a Fote bwanji?"

"Palibe changu, mayi."

"Changu chilipo, ine ndasiya minibasi ya eni ake. Ipitirireni."

Alamu sanaipitirire. Mphindi makumi awiri ndi zinayi. Thukuta linatsika kuseri kwa khutu lawo n'kulowa m'kolala yoyera ija. Makumi awiri ndi zisanu. Anachotsa phazi pamafuta, kuyatsa indiketa, n'kuyamba kutsetserekera kumbali kwa msewu, pamalo otakasuka pamene galimoto ingaime bwino osatsekereza njira. Anaponda buleki. Tinaima.

M'galimoto munali zii, kupatula injini, imene inali kulira bwinobwino.

"Mwaimiranji?" anafunsa mayi eni shopu. Anali mawu awo oyamba ulendo wonse.

"Imafuna kuzima," anayankha Alamu. "Simunamve?"

"Ine sindinamve kanthu."

"Ineyo ndiye ndamva zonse," anatero achemwali. "Injini imeneyi ikhoza kulira mpaka mawa. Alamu, inu munati galimotoyi ilibe vuto, madala akunama. Tsono munthu amene akudziwa kuti galimoto ilibe vuto amaopa chiyani kupitirira thirakitala? Amayang'aniranji wotchi?"

"Ndimangosamala, poti madala anati..."

"Madala sananene mphindi. Funsani Sajeni, m'fayilo mulibe. Mphindi amazidziwa ndi amene anayesa kawiri Lamulungu."

Anapisa m'thumba la ovolosi, n'kutambasula dzanja pakati pa mipando. Pachikhatho panali karile ka kadontho kofiira.

"Mumadikira aka. Ndakachotsa tisananyamuke, ndaikamo katsopano. Mukukadziwa, eti? Kapena za mawaya ndi kutalitali?"

Alamu anayang'ana karile, anayang'ana ine, kenako anayang'ana pagalasi pamene panali maso a mkazi wa malemu mkulu wawo. Ine ndinatambasula dzanja n'kuzimitsa injini, makiyi n'kuika m'thumba.

"Makina anga ali kuti?" anafunsa mayiwo, motsitsa kwambiri.

Anayamba ndi kukana, kenako kulumbira, kenako kulira. Pomaliza zinatuluka zonse. Anatsatira a Fote patali ndi kalole ka mnzawo, kiyi wa m'dirowa ali m'thumba. Makina anali kunyumba kwa chibwenzi chawo, chimene anachilonjeza kuti achitsegulira shopu yosoka. Tinakawapeza onse khumi ndi awiri ali m'makatoni, atafunditsidwa nsalu ya pabedi.

*

Ndinafuna kuti m'lipoti ndingolemba kuti katswiri wina anatithandiza. Achemwali anakana.

"Lemba zonse. Lemba kuti rile yodwala ndinaisiya m'galimoto ndine, m'malo moitaya. Lemba kuti ndinamuphunzitsa ndine."

"Achemwali, zimenezo zikuonongerani mbiri."

"Ife amakaniko tili ndi matenda osataya kanthu. Chilichonse timati chidzagwira ntchito tsiku lina. Chagwiradi ntchito, munthu wagona pasimenti masiku awiri. Lemba, usandipsetse mtima."

Ndinalemba. Ndagwira ntchito ndi anthu a nyota zambiri paphewa, koma sindinaonepo wina akuumiriza kuti cholakwa chake chilowe m'fayilo. Tsiku limenelo ndinanyadira kuti tinayamwa bere limodzi.

A Fote tinawatulutsa dzuwa lisanalowe. Ndinawabwezera lamba ndi zingwe za nsapato, ndipo ndinapepesa pamaso pa anyamata anga onse, chinthu chimene sajeni sachita kawiri pachaka. Anavala lamba mosafulumira. Mayi eni shopu anali ataima pakauntala, makiyi a galimoto ali m'manja, maso ali ofiira kuseri kwa magalasi.

"Bambo, ndinalakwa. Tengani makiyi anu. Mupume sabata ino, Lolemba mubwere."

A Fote anayang'ana makiyiwo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Makiyi sungani, mayi. Za Lolemba ndikaganiza kunyumba. Pano ndikupempha chinthu chimodzi. Tsiku lija munaimbira foni akazi anga, n'kuwauza ana akumva kuti bambo awo ndi wakuba. Ndikufuna kalata ya dzanja lanu yonena kuti sindinabe."

Ndinang'amba pepala m'kabuku kanga n'kupereka cholembera. Mayiwo analemba ataweramira pakauntala, n'kusaina. A Fote analandira pepalalo, kulitalikitsa, kuliyandikitsa, kenako anapukusa mutu. Magalasi awo anali atatsala kunyumba tsiku limene tinawamanga.

Analipereka kwa achemwali. "Mayi, ndiwerengereni inu."

Achemwali anapukuta manja paovolosi asanaligwire. Sanawerenge monong'ona ayi. Anawerenga ndi mawu amene amaitanira munthu ali kutsidya kwa galaja injini zitatu zikulira, moti wapakauntala anasiya kulemba, amene anabwera kudzadandaula za mbuzi anatembenuka, ndipo ndikhulupirira kuti Alamu anamva ali m'chitokosi.

"Bambo awa sanabe kanthu kanga. Sanabepo chiyambire. Wakuba anali wa m'nyumba mwanga, ndipo ine ndinanamizira munthu wosalakwa."

A Fote anamvetsera maso ali otseka. Atatha, anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Zikomo," anatero. "Tsopano ndikhoza kukalowa m'nyumba mwanga."